Nyumba ya mabuku imene inatsala yopanda mabuku: mbiri ya Chicago Cultural Center

Mumzinda wa Chicago ku America, m'mbali mwa msewu waukulu wa Michigan Avenue, muli chinyumba cha miyala yotuwa chimene chinadzaza malo onse kuchokera pa Randolph Street kukafika pa Washington Street. Munthu akalowera khomo la ku Washington Street n'kukweza maso, amaona mayina a olemba mabuku otchuka atalembedwa ndi timagalasi tonyezimira m'makoma ndi m'mbali mwa masitepe. Akakwera pamwamba amapeza mawu otamanda mabuku ndi nzeru m'Chigiriki, Chiheberi, Chitchaina ndi zilankhulo zina. Koma akafunsa kuti buku angabwereke pati, amamulozera kwina, kummwera, pamsewu wa State Street. Nyumbayi inali laibulale yaikulu ya mzindawu kuyambira mu 1897. Lero ndi Chicago Cultural Center, malo a zionetsero za luso, zoimbaimba, magule ndi mafilimu, ndipo polowa salipiritsa.

Anthu ambiri akamakamba za nyumbayi amathera pa denga lake la galasi ndi mmene inapulumukira kwa ogumula. Zonsezo n'zoona. Koma kupulumuka kwa makomawo kunali ndi mtengo wake, ndipo amene anaulipira ndi mabuku pamodzi ndi owerenga, omwe anakhala zaka zoposa 15 alibe malo enieni.

Mphatso yosowa poyiika

Chiyambi cha zonse ndi moto. Usiku wa pa 8 Okutobala 1871 moto unabuka mumzindawu n'kuyaka mpaka pa 10. Chicago ya nthawiyo inali ya matabwa, kuyambira nyumba mpaka tinjira ta oyenda pansi, ndipo mvula inali itasowa kwa nthawi yaitali. Anthu pafupifupi 300 anafa, nyumba zoposa 17,000 zinapsa, ndipo anthu pafupifupi 100,000 anasowa pogona.

Uthenga utafika ku London, bambo wina dzina lake A. H. Burgess anaganiza zoti dziko la England litumize mabuku ngati chipepeso. Thomas Hughes, phungu wa nyumba ya malamulo yemwenso anali wolemba mabuku, anaunyamula mutu wa ntchitoyo. Mabuku oposa 8,000 anawoloka nyanja, ena ochokera kwa Mfumukazi Victoria, Benjamin Disraeli, Alfred Tennyson, Robert Browning, John Stuart Mill ndi John Ruskin.

Mphatsoyi inaimitsa mitu akuluakulu a mzinda. Moto usanabuke, Chicago inalibe laibulale ya boma yoti aliyense n'kulowamo mwaulere. Omwe analipo anali malaibulale olipira, a anthu okhala ndi kangachepe m'thumba. Tsono mabuku afika, koma palibe bungwe lowalandira, palibe lamulo lololeza khonsolo kugwiritsa ntchito msonkho pa zimenezi, palibenso nyumba. Mu 1872 nyumba ya malamulo ya Illinois, chigawo chimene muli mzinda wa Chicago, inakhazikitsa lamulo lololeza mizinda kuyendetsa malaibulale ndi ndalama za msonkho, ndipo mu Epulo chaka chomwecho khonsolo ya Chicago inakhazikitsa Chicago Public Library. Pa 1 Januwale 1873 laibulaleyo inatsegulidwa m'thanki yachitsulo yozungulira, imene kale inkasunga madzi, pamphambano ya LaSalle Street ndi Adams Street. Thankiyo inali imodzi mwa zinthu zochepa zimene moto unasiya. Anaikamo mashelefu kuzungulira khoma, ntchito n'kuyamba.

Kuyambira apo laibulale inakhala yosamukasamuka kwa zaka 24. Woyang'anira woyamba, William Frederick Poole, anachulukitsa mabuku mofulumira, ndipo paliponse pamene asamukira pankachepa posakhalitsa. Zaka 11 za nthawi imeneyi anazithera pansanjika yachinayi ya nyumba ya maofesi a khonsolo.

Malo amodzi, eni ake awiri

Malo amene a laibulale anawaika diso anali Dearborn Park, kabwalo kotsalira pa dziko la linga lakale la asilikali la Fort Dearborn, pafupi ndi nyanja ya Michigan. Koma panalinso ena amene ankawafuna, ndipo sanali anthu oti n'kuwakankha ndi chigongono. Awa anali asilikali akale amene anamenya nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 kumbali ya zigawo za kumpoto. Bungwe lawo, Grand Army of the Republic, limene mwachidule ankalitchula kuti GAR, linabadwira ku Illinois komweko, mumzinda wa Decatur, mu 1866. Pofika mu 1890 linali ndi mamembala oposa 400,000 m'dziko lonse, ndipo wandale aliyense wofuna mavoti ankayenda nalo mosamala. Asilikaliwa ankafuna holo yokumbukira anzawo amene anafera kunkhondo, ndipo anali ndi mawu pa gawo la kumpoto la malowo.

Atakokanakokana kwa nthawi, anagwirizana zomanga nyumba imodzi yokhala ndi eni ake awiri. Laibulale inatenga gawo lalikulu, ndipo asilikali anapatsidwa zipinda zawo kumbali ya Randolph Street. N'chifukwa chake mpaka lero nyumbayi imakhala ngati nyumba ziwiri zolumikizidwa. Ili ndi makomo awiri osafanana, masitepe aakulu awiri, ndiponso madenga awiri a galasi. Mbali ya kummwera ndi yoyera ndi yowala. Mbali ya kumpoto ndi ya miyala yobiriwira ndi yofiirira, ya ulemu wa pamaliro, ndipo pamwamba pa zitseko za holo yake analemba mayina a malo amene kunachitikira nkhondo zikuluzikulu monga Gettysburg ndi Shiloh. Ngakhale kutalika kwake n'kosiyana: mbali ina ili ndi nsanjika zisanu, ina zinayi.

Mapulani anajambulidwa ndi kampani ya ku Boston ya Shepley, Rutan and Coolidge, yomwenso inajambula nyumba yosungiramo zaluso ya Art Institute of Chicago pamsewu womwewo wa Michigan Avenue. Inali nyengo ya chionetsero chachikulu cha dziko lonse chimene Chicago inachititsa mu 1893, pamene kamangidwe kotsanzira Agiriki ndi Aroma kanali m'fasho. Mzinda umene anthu a ku New York ndi ku Boston ankaunyoza kuti ndi wa njanji ndi mabutchala okhaokha unkafuna kuonetsa kuti nawonso umadziwa zachitukuko.

Vuto loyamba linali pansi. Dothi la Chicago ndi lofewa, la chinyontho, ndipo nyumba zolemera zinkatitimira pang'onopang'ono. Injiniya William Sooy Smith anakhomera pansi mitengo 2,357, mozama pafupifupi mamita 23, mpaka inakafika pa dongo lolimba. Pamwamba pa mitengoyo ndi pamene panakhala makoma okhuthala pafupifupi mita imodzi, okutidwa ndi miyala yochokera ku Bedford ku Indiana. Anthu amene anaona mzinda wawo ukusanduka phulusa sankafunanso kumva za matabwa. Nyumbayo inadya ndalama pafupifupi madola 2 miliyoni, ndipo inatsegulidwa pa 11 Okutobala 1897.

Chipinda chodikirira mabuku

Chimene chimadabwitsa ndi malo amene anawonongera ndalama zambiri. Sanakongoletse ofesi ya bwana kapena chipinda cha alendo olemekezeka. Anakongoletsa chipinda chimene munthu wamba ankaimamo podikira buku.

M'malaibulale aakulu a nthawi imeneyo wowerenga sankaloledwa kupita kumashelefu. Ankafufuza nambala ya buku m'kaundula, n'kuilemba pakapepala, n'kupereka pakauntala, kenako n'kudikira kuti antchito akalitenge kumbuyo. Chipinda chodikiriramocho ndi chimene lero chimatchedwa Preston Bradley Hall, pokumbukira m'busa wina wa mumzindawu amene anakhala m'komiti ya laibulale zaka zambirimbiri. Makoma ake ndi a mwala woyera wa mabo wochokera ku Carrara ku Italy, ndipo m'mwalamo anamatamo tizidutswa ta galasi lamitundumitundu, timiyala ndi zigoba zonyezimira za m'nyanja. Pamwamba pali denga lagalasi lozungulira ngati mbale yovundikira, lotambalala mamita oposa 11, lopangidwa ndi kampani ya Tiffany ya ku New York motsogozedwa ndi mmisiri wake J. A. Holzer. Lili ndi tizidutswa ta galasi pafupifupi 30,000 tosanjidwa ngati mamba a nsomba, ndipo limadziwika kuti ndi lalikulu kuposa madenga onse otere amene kampani ya Tiffany inapanga. Denga la mbali ya asilikali, lopangidwa ndi amisiri a ku Chicago komweko a Healy ndi Millet, ndi lokulirapo pang'ono, mamita 12, koma silitchuka ngati linzake chifukwa dzina la Tiffany limagulitsa.

Kukongola kumeneku kunalinso ndi ntchito. Chicago inkayendera malasha: masitima, mafakitale ndi nyumba zonse zinkatulutsa utsi, ndipo mwaye unkadetsa chilichonse. Khoma lopaka penti likanada m'miyezi yochepa, pamene mabo ndi galasi umangopukuta. Timagalasito tinkathandizanso kumwaza kuwala m'chipinda pa nthawi imene magetsi anali akadali ofooka. Anthu anaipatsa nyumbayo dzina loti nyumba yachifumu ya anthu wamba, ndipo silinali dzina longoikometsera. Wogwira ntchito m'fakitale amene wangofika kumene kuchokera ku Poland kapena ku Italy ankakwera masitepe omwewo amene ankakwera mwini fakitale.

Koma nyumba yomangidwa molimba chotero ndi yovuta kuisintha. Anthu a mumzindawu, amene anali 1 miliyoni ndi kanthu mu 1890, anapitirira 3 miliyoni pofika mu 1930. Mabuku anachuluka, mashelefu anadzaza, ndipo kachitidwe ka malaibulale kanasintha: owerenga anayamba kufuna kuyenda okha pakati pa mabuku n'kusankha. Zipinda zazitali zokhala ndi makoma okhuthala sizinkalola zimenezo. M'zaka za m'ma 1930 denga la Tiffany analiphimba kunja ndi konkire ndi mkuwa, n'kuikamo magetsi m'malo mwa dzuwa. Denga la asilikali nalonso linaphimbidwa. Asilikali eni akewo anali akutha mmodzimmodzi. Membala womaliza wa GAR, Albert Woolson, anamwalira mu 1956, bungwe n'kuthera pomwepo, ndipo katundu wawo wa chikumbutso anatsala m'manja mwa laibulale.

Zaka za ogumula

M'zaka za m'ma 1960 Chicago inali pa liwiro lomanga nyumba zazitali za zitsulo ndi galasi, ndipo nyumba zakale zinkagwa motsatizana. Laibulale yakale, yothina ndi yakuda ndi mwaye, inali pamalo a mtengo wapatali kwambiri. Maganizo oti igwetsedwe kuti pamangidwe nyumba yamakono ankamveka m'maofesi, ndipo sanali maganizo a anthu opusa. Amene ankagwira ntchito m'katimo ankadziwa mmene mabuku ankavutikira ndi kutentha ndi kuthinana.

Munthu amene anavala zilimbe kwa zaka zambiri anali Charles Staples, wogwira ntchito yothandiza anthu ovutika, yemwe analibe udindo uliwonse m'boma. Ankalemba makalata, kupita kumisonkhano ndi kukopa anthu kuti alankhule. Chaka cha 1972 ndi chimene chinatembenuza zinthu. Nyumba yakale ya msika wa masheya ya Chicago Stock Exchange, yojambulidwa ndi Dankmar Adler ndi Louis Sullivan, inali ikugumulidwa ngakhale anthu anachita zionetsero zokana. Mu Epulo chaka chimenecho wojambula zithunzi Richard Nickel, amene ankalowa m'nyumba zogumulidwa kukapulumutsa zokongoletsa zake, anafera momwemo gawo lina litamugwera. Imfa yake inachititsa anthu ambiri kufunsa kuti mzinda wawo ukutaya chiyani.

Chaka chomwecho Eleanor Daley, mkazi wa meya Richard J. Daley, ananena poyera kuti iye akufuna nyumba ya laibulale isungidwe ndi kukonzedwa. Mayi ameneyu sankalankhula za boma pagulu, ndipo mwamuna wake, amene analamulira mzindawu kuyambira mu 1955 mpaka imfa yake mu 1976, anali munthu woti akatsokomola khonsolo yonse imanjenjemera. Nkhani yogumula inazizira. Anthu a ku Chicago amakonda kuifotokoza nkhaniyi ngati kuti mawu a mayi mmodzi anapulumutsa nyumba, ndipo imakoma kumva. Koma pamene mayiyo ankalankhula n'kuti Staples ndi anzake atalima kale munda kwa zaka. Komanso pali china chosakoma m'nkhaniyi: ngati chuma cha mzinda chikudalira zimene zakambidwa pakhomo pa meya, ndiye kuti nyumba zina zambiri zinagwa chifukwa zinasowa wozilankhulira pakhomopo.

Mu Julayi 1972 nyumbayi inalowa m'kaundula wa dziko lonse wa malo a mbiri, ndipo mu Novembala 1976 khonsolo inaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa ndi mzinda. Kampani ya Holabird and Root inaikonza kuyambira mu 1974, ndipo mu 1977 inatsegulidwanso ndi dzina loti Chicago Public Library Cultural Center. Mashelefu akale a kumbuyo anachotsedwa kuti papezeke malo a zionetsero.

Mabuku pa ulendo

Apa ndi pamene mbali yachiwiri ya nkhani ikuyambira. Pokonza nyumba, mabuku ambiri anawasamutsira ku Mandel Building, nyumba yakale yosungiramo katundu tsidya la mtsinje pa Michigan Avenue pomwepo. Ankati ndi kwa kanthawi. M'nyumba yakale munangotsala zigawo zochepa, monga mabuku a ana, mabuku owerenga posangalala ndi zinthu zakale zosowa. Mzinda wa anthu mamiliyoni atatu, wodzitama ndi mayunivesite ndi nyumba zazitali, unakhala ndi laibulale yaikulu yogawika pawiri, mbali yaikulu ili m'nyumba ya katundu.

Mameya anasinthana, mapulani n'kumabwera ndi kupita. Panali ganizo losandutsa sitolo yakale ya Goldblatt's pa State Street kukhala laibulale, koma linatsutsidwa kwambiri, makamaka m'manyuzipepala, mpaka linatayidwa. Amene anadula nkhaniyo ndi Harold Washington, meya woyamba wakuda wa mzindawu, amene anasankhidwa mu 1983 ndipo ankadziwika kuti ndi munthu wokonda kuwerenga. Mu 1987 khonsolo inavomereza ngongole ya madola 144 miliyoni yomangira nyumba yatsopano, ndipo anakonza mpikisano wa mapulani. Washington sanaione. Anamwalira mwadzidzidzi muofesi yake pa 25 Novembala chaka chomwecho. Nyumba yatsopanoyo, yojambulidwa ndi Thomas Beeby ndi anzake, inatsegulidwa pa 7 Okutobala 1991 ndipo inatchedwa Harold Washington Library Center. Gawo lake la ana lili ndi dzina la Thomas Hughes, phungu uja wa ku England.

Mwana amene anayamba sukulu mabuku akusamutsidwa anafika pomaliza koleji asanaone laibulale yaikulu ya mzinda wake ili pamodzi. Ine ndimaona kuti kusunga nyumbayo kunali koyenera, koma cholakwa chinali kutulutsa mabuku asanadziwe kumene akupita.

Ntchito yatsopano

Mabuku omaliza atatuluka mu 1991, panatsala funso lakuti chinyumba chonsecho achite nacho chiyani. Mizinda ina ikanachigulitsa kuti chikhale hotela kapena masitolo a anthu olemera. Lois Weisberg, amene anayang'anira nthambi ya zachikhalidwe ya mzindawu kuyambira mu 1989 mpaka 2011, anatsogolera zoti chikhalebe m'manja mwa khonsolo ndipo chikhale cha ulere. Chimatchulidwa kuti ndi malo oyamba a mtundu umenewu ku America: malo a zaluso oyendetsedwa ndi mzinda, opanda tikiti. Mayi yemweyu ndi amene anabweretsa chionetsero cha zifanizo za ng'ombe zopakidwa mitundu m'misewu ya Chicago mu 1999, ndipo ng'ombe yamkuwa yokumbukira chionetserocho inaikidwa pakhomo la ku Washington Street, pamene ana amakonda kujambulitsa.

Zipinda zinasintha ntchito popanda kusintha nkhope. Chipinda chachikulu chowerengera, chimene anachimanga motengera holo ya m'nyumba ya olamulira a ku Venice, lero ndi Sidney R. Yates Gallery, malo a zionetsero zikuluzikulu. Chipinda chodikirira mabuku chinakhala cha zoimbaimba, maukwati ndi madyerero amene meya amalandirirako atsogoleri a mayiko. Kuyambira mu 1977, kwa zaka zoposa 40, Lachitatu lililonse masana munkachitika makonsati aulere otchedwa Dame Myra Hess Memorial Concerts, amene wailesi ya WFMT inkaulutsa. Myra Hess anali woimba piyano wa ku England amene pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankakonza makonsati a masana mu National Gallery ku London, zithunzi zonse zitachotsedwamo poopa mabomba. Kumeneko nyimbo zinalowa m'malo mwa zithunzi, kuno zinalowa m'malo mwa mabuku. Kuyambira mu 2015 nyumbayi yakhalanso likulu la Chicago Architecture Biennial, chionetsero cha kamangidwe ka nyumba chimene chimakoka akatswiri a m'mayiko ambiri. Mwayi wina unabwera mu 2004 pamene paki yaikulu ya Millennium Park inatsegulidwa tsidya la msewu, alendo n'kuyamba kudutsa pakhomo mwaunyinji.

Pali chinthu chimodzi chimene nyumbayi inatengera ku laibulale chimene malo ambiri a zaluso alibe. M'nyengo yozizira ya Chicago, pamene mphepo ya kunyanja imaluma mpaka m'mafupa, munthu akhoza kulowa, kukhala pampando, kutenthedwa, osagula kanthu ndipo palibe womufunsa. Ophunzira, okalamba, ogwira ntchito m'maofesi amene abwera ndi kamba wawo wa masana ndi anthu osowa pokhala amapezeka m'chipinda chimodzi. M'kati mwa mzinda waukulu malo otere ndi owerengeka.

Ulere umenewu uli ndi woulipira. Nyumba ya zaka zoposa 125 imadya ndalama, ndipo bajeti ya zachikhalidwe ndi imene imayamba kudulidwa chuma chikavuta. Gawo lina la ndalama limachokera kobwereketsa maholo kwa ochita maukwati ndi maphwando, ndipo pa masiku otero mlendo wofuna kuona denga la Tiffany akhoza kupeza chipinda chitatsekedwa. Ntchito zikuluzikulu zokonza zimadikira nthawi yaitali. Denga la Tiffany linakhala lophimbidwa zaka pafupifupi 70, mpaka mu 2008 pamene amisiri a Botti Studio anatsitsa magalasi onse, kuwatsuka ndi kukonza osweka, chophimba cha konkire chija n'kuchotsedwa kuti dzuwa lilowenso.

Mbali ya asilikali inadikira zaka zina 14. Pokonza nyumba m'zaka za m'ma 1970 makoma ndi madenga a zipinda za GAR anawapaka penti yophimba mitundu yoyambirira. Kuyambira mu 2021, motsogozedwa ndi kampani ya Harboe Architects, amisiri anapala pentiyo pang'onopang'ono mpaka anapeza zokongoletsa za mu 1897, ndipo anatsitsa ndi kutsuka tizidutswa ta galasi toposa 60,000 ta denga la Healy ndi Millet. Zipindazo zinatsegulidwanso mu 2022. Ntchitoyi inali ya madola oposa 15 miliyoni, ndipo sinalipiridwe ndi msonkho ngati mmene zinalili pomanga. Inalipiridwa ndi wopereka wina amene anapempha kuti dzina lake lisatchulidwe.